Thumba la Boma: Mbiri ya Kasungidwe ka Magulu a Oimba pa Gombe la Salima

Pa ntchito zonse zimene ana a anthu amagwira mothandizana, palibe imene imabisa thukuta lake koposa kuimba. Pakuti mlimi amaoneka ndi matope m'miyendo, msodzi amafika pa dooko manja atatupa ndi zingwe za khoka, koma woimba amalowa m'bwalo atasamba, atavala zoyera, nkhope ili mwee, kotero kuti oonerera amayesa kuti chimwemwe chimene akuonacho changotsika kumwamba popanda wochivutikira. Komatu kuseri kwa ng'oma iliyonse imene inalirapo pa gombe la Salima, kuyambira ku Chipoka kufikira ku Domira Bay, kunali wina amene anagula chikopa, wina amene anasonkhetsa ufa wa alendo, wina amene anasunga makobidi m'kachitini, ndi winanso amene anaweruza mlandu wa mnyamata wozemba zokonzekera. Anthu amenewa mayina awo saimbidwa m'nyimbo, ndipo nzeru zimene anasungira nazo magulu awo kwa zaka zoposa 100 sizilembedwa kawirikawiri. Komabe popanda iwo gule sakanafika pa mbadwo wachiwiri.

Funso lakuti adzadyetsa oimba ndani si lathu lokha, ndipo silinayambe dzulo. Ku Ulaya, kumene kuli magulu aakulu a zoimbira otchedwa okesitira, amene limodzi lokha limasonkhanitsa anthu 80 kapena 100 pansi pa ndodo ya mtsogoleri mmodzi, oimba poyamba anali antchito a mafumu ndi a mipingo. Joseph Haydn, katswiri wopeka nyimbo, analowa ntchito m'nyumba ya akalonga a Esterházy m'chaka cha 1761, navala zovala za antchito a pakhomopo, nayang'anira oimba ake zaka pafupifupi 30. Koma kalonga Nikolaus atatsikira kulichete mu 1790, wolowa m'malo mwake, amene mtima wake sunali pa nyimbo, anachotsa ntchito oimba ambiri. Patapita nthawi panabuka njira ina: oimba a ku Vienna mu 1842, a ku Berlin mu 1882, ndi a ku London mu 1904, anakhazikitsa magulu odzilamulira okha, osankha okha atsogoleri, ndiponso ogawana okha phindu likapezeka ndi umphawi ukagwa.

Ngakhale zinatero, thumba silinadzaze. Akatswiri awiri a zachuma a ku America, William Baumol ndi William Bowen, anafotokoza chifukwa chake m'chaka cha 1966, posonyeza kuti m'fakitale makina amachititsa munthu mmodzi kugwira ntchito imene kale inkafuna anthu khumi, pamene nyimbo imene inapekedwa kuti aiimbe anthu anayi ifunabe anthu anayi lero lino, ndipo itenga nthawi yomwe inkatenga pa masiku a woipekayo. Motero zofuna za oimba zimakwera pamodzi ndi za anthu onse, koma zimene amatulutsa sizichuluka. Nchifukwa chake ndalama za pakhomo zokha sizikwanira kusunga okesitira, ndipo ngakhale gulu lotchuka la ku Philadelphia linapita kubwalo la milandu mu 2011 kukanena kuti ngongole zaligonjetsa. Tsono gulu la oimba limaima pa chimodzi mwa zitatu izi, kapena pa zonse pamodzi: mbuye wolidyetsa, eni ake olisonkhera, ndi khamu lolipira pakhomo. Njira zitatu zonsezi zayesedwa pa mchenga wa Salima, iliyonse m'nyengo yake.

Kale lomwe ng'oma pa gombeli inalibe thumba lakelake, popeza inali ya mudzi. Pakati pa Achewa, ndiponso pakati pa Ayao amene anadzakhazikika m'derali m'zaka za m'ma 1800, m'maiko a mafumu monga Kalonga, Khombedza, Maganga, Pemba, Ndindi, Makanjira ndi Bibi Kuluunda, woimba ng'oma ankaitanidwa pa chinamwali, pa maliro, polonga ufumu, kapena pa mowa wa dima, ndipo malipiro ake anali chipanda cha mowa, mbale ya nsima, nkhuku, ndi ulemu umene anthu ankampatsa. Mwini mwambo ndiye ankasenza zonse; mwambo ukatha oimba ankabwerera ku makasu ndi ku mabwato awo, ndipo panalibe chotsala chofunika kuchisunga kapena kuchiwerengera. Gulu loima palokha, lokhala ndi dzina, maudindo, malamulo ndi chuma, limene silinkatha ngakhale m'mudzi musakhale mwambo uliwonse, linadza ndi nkhondo.

M'zaka za m'ma 1890, m'mizinda ya Aswahili ya m'mbali mwa nyanja ya mchere monga Mombasa ndi Lamu, anyamata anayambitsa gule wotsanzira perete wa asilikali ndi bandi yawo ya malipenga, namutcha beni, nagawikana m'magulu opikisana, amene otchuka koposa anadzakhala Marini ndi Arinoti. Pamene Nkhondo Yoyamba ya Dziko Lonse inabuka mu 1914, ndipo Angerezi analimbana ndi Ajeremani kum'mawa kwa Afirika kufikira 1918, dziko la Nyasaland linapereka asilikali a Keyala pafupifupi 19,000 ndi amtengatenga oyandikira 200,000, amene ambiri a iwo anagwa m'njira ndi njala ndi matenda, mafupa awo natsala m'maiko a eni. Amene Chauta anawasunga anabwerera kwawo ataona perete, atamva lipenga, atadziwa maudindo a usilikali kuyambira pansi kufikira pamwamba, ndiponso atavina beni m'misasa. Mbewu imeneyi inamera mosiyanasiyana: pakati pa Ayao inasunga dzina lake la beni, pakati pa Atonga ndi Ankhonde inakhala malipenga, ndipo pakati pa Achewa a ku Nkhotakota, Salima, Dowa ndi Ntchisi inakhala mganda.

Vuto loyamba limene anyamatawa anakumana nalo linali la mpamba. Lipenga la mkuwa linali la boma la Atsamunda, ndipo mtengo wake unali kutali ndi mthumba mwa munthu amene ankavutikira ngakhale msonkho wa nyumba. Anthu ena akanataya mtima nanena kuti nyimbo yotere si ya amphawi. Koma iwowa anapita kumunda, nathyola zikho zazitali, naziumitsa, naziboola, namata pa chiboo kachikopa koyera ka chisa cha kangaude, ndipo woimba akang'ung'udza m'menemo mawu ankatuluka onjenjemera ndi amphamvu. Malipenga a zikho amenewa, otchedwa mabadza, anawasema aakulu ndi aang'ono, kuti ena alire pansi ndi ena pamwamba, ndipo pamodzi ndi ng'oma yaikulu ya mbali ziwiri yoimba ndi ndodo, ndi inzake yaing'ono, ndi wenzulo ya mtsogoleri, gulu linakwana. Pamenepa pali phunziro loyamba la kayendetsedwe ka chuma cha oimba: gulu limene zipangizo zake zimamera m'munda mwake silikhala ndi ngongole kwa munthu, ndipo chipangizo chikasweka, sayembekeza sitima kuti ibweretse china.

Gulu la mganda ankalitcha boma, ndipo linali ndi akuluakulu ake. Pamwamba panali kingi, wovala jekete ndi tayi, amene sankadetsa nsapato zake ndi fumbi la bwalo, koma ankakhala pampando, nanyamuka kukayendera mizere ya ovina, nalandira sawasha. Pansi pake panali kaputeni ndi sajeni, osunga mwambo wa m'mizere ndi kuphunzitsa masitepe, ndipo m'maboma ambiri munalinso dokotala ndi namwino, oyang'ana ngati ovina asamba, apesa, awenga zala ndi kuchapa zovala. Munthu wosadziwa angayese kuti awa anali masewera a ana otsanzira Azungu. Koma woyang'anitsitsa aona kuti udindo uliwonse unali ndi ntchito yeniyeni imene gulu lililonse la oimba limaifuna kufikira lero: woyankhula ndi mafumu ndi maboma ena, wotsogolera zokonzekera, woyang'anira zovala ndi zipangizo, wolemba makalata ndi mayina, ndi wosunga chuma. M'dziko limene mwana wa mudzi sankaloledwa kukwera pa mpando uliwonse wa ulamuliro wa Atsamunda, anyamata anadzimangira ulamuliro wawo, naphunzira m'menemo kusankha mtsogoleri, kumumvera, ndi kumutsitsa akalakwa.

Chimene chinkadya ndalama koposa zonse ndi zovala. Kabudula woyera, malaya oyera, masokosi ofika m'maondo, nsapato ndi mpango wa m'dzanja zinkafunika kufanana kuyambira woyamba mumzere kufikira womaliza, pakuti boma lovala zosiyanasiyana linali litagonja lisanaponye phazi. Tsono ndalamazo zinkachokera kuti? Zina zinali zosonkha za mamembala pambuyo pa msika wa thonje, wa mpunga kapena wa nsomba zouma; zina zinali za ganyu amene gulu lonse linkagwira m'munda wa munthu, malipiro nalowa m'thumba la boma; zina zinali chindapusa cha ochedwa, ojomba ndi oyambitsa ndewu; ndipo zina zinkachokera kutali, kwa abale amene anapita ku migodi ya ku Joni pa Wenela, kapena ku mafamu ndi migodi ya ku Rhodesia, amene pobwerera ankanyamula nsalu, nsapato ndi masokosi m'masutikesi awo. Njanji itafika ku Salima mu 1935, kudzera ku Chipoka, masitolo a Amwenye ndi matelala a pakhonde anachuluka, ndipo boma limene linali ndi msungichuma wokhulupirika linkatha kugula mpukutu wa nsalu imodzi ndi kuusoketsa kwa telala mmodzi.

Koma nzeru yoposa zonse ya maboma inali pa kuyenderana. Zokolola zikalowa m'nkhokwe, dzuwa la chilimwe litayamba kuwawa, boma linkalemba kalata yoitana maboma a midzi ina kuti adzapikisane pa tsiku lakutilakuti, ndipo oitanidwawo ankanyamula ng'oma zawo pamutu, kapena m'bwato, nayenda mtunda wautali, nafika madzulo akuimba. Pakhomo panalibe wolipiritsa, pakuti bwalo linalibe khomo; ovina sankalandira malipiro; koma mudzi woitanawo unkapereka nyumba zogona, madzi osamba, nsima, mpunga, nsomba, mbuzi ndi thobwa kwa masiku awiri kapena atatu, ndipo banja lililonse linkadziwa alendo amene lapatsidwa kuti liwasamale. Zonsezi zinali ngongole yosalembedwa pa pepala, koma yolembedwa m'mitima ya midzi iwiri, chifukwa chaka chamawa odyawo anayenera kudyetsa, monga akulu anena kuti kachipande ka therere kamakoma n'kuyenderana. Boma limene linadya kwa anzake koma osaitana, kapena limene linagoneka alendo ndi njala, dzina lake linkalowa m'nyimbo za chaka chotsatira, ndipo chilango chimenecho chinali chowawa kuposa cha bwalo la milandu.

Tisaiwale amayi, pakuti mbiri imene iwerenga ovina okha ndi kusiya ophika ndi mbiri yopunduka. Ufa umene unkadyetsa alendo makumi asanu kapena zana limodzi unasinjidwa mumtondo ndi manja a amayi, nkhuni zinatemedwa ndi iwo, madzi anatungidwa ndi iwo, ndipo zovala zoyera zija zinachapidwa ndi kusitidwa ndi simbi ya makala usiku wa tsiku la gule. Nawonso anali ndi magulu awo a chimtali, ndipo cha ku Nkhotakota a chioda, okhala ndi atsogoleri awo, nsalu zawo zofanana, zosonkha zawo, ndi maulendo awo okachezera anzawo a midzi ina. Kawirikawiri mganda ndi chimtali zinkayendera limodzi, kotero kuti ulendo umodzi unkanyamula mudzi wathunthu, ndipo maukwati ambiri a pakati pa midzi yotalikirana anayambira pa mabwalo amenewa.

Sindinena kuti m'maboma munalibe zophophonya, pakuti pamene pali thumba pali yesero. Analipo asungichuma amene anabwereka za gulu mwakachetechete nalephera kubweza. Analipo makingi amene anakonda mpando koposa anthu. Inalipo mikangano ya pakati pa achikulire ndi anyamata imene inang'amba boma limodzi kukhala awiri, ng'oma kutsalira uku, mabadza kupita uko. Koma popeza wosonkha anali yemweyo wovina, ndipo wovina anali yemweyo woweruza, cholakwa sichinkabisika nthawi yaitali: ndalama ankaziwerenga pamphasa, gulu lonse likuona, ndipo wolakwa ankayankha pamaso pa anthu amene adzakumana nawo mawa ku dooko, kumunda ndi ku maliro. Mutu umodzi susenza denga, ndipo maboma anadziwa kuti mutu umodzi suyeneranso kusenza thumba.

Olamulira a nthawiyo sanawaone magulewa ndi diso limodzi. Ena mwa mabwanamkubwa ndi madisii ankaopa kuti anthu ophunzira kufola, kumvera lamulo ndi kutumizirana makalata angathe kugwiritsa ntchito luso lomwelo poukira boma, ndipo ena mwa amishoni ankadandaula kuti anyamata akutaya ndalama pa zovala ndi kugona kunja kwa midzi yawo. Koma akatswiri amene anadzafufuza pambuyo pake anaona zina. J. Clyde Mitchell, polemba mu 1956 za gule wa kalela wa ku migodi ya mkuwa ya ku Northern Rhodesia, amene ndi mphukira ya muzu womwewo, ndi Terence Ranger, polemba mu 1975 mbiri ya beni kum'mawa konse kwa Afirika, anasonyeza kuti magulu amenewa anali oposa gule chabe: kwa anthu okhala kutali ndi kwawo anali pothawira, pamene mlendo ankapeza anzake, ndipo wogwa m'mavuto ankapeza omugwira dzanja.

Nkhondo Yachiwiri itatha mu 1945, obwerera kunkhondo ndi ku migodi anadza ndi mabanjo ndi magitala, ndipo kuyambira 1949 wailesi yotchipa ija yooneka ngati sefuliya inayamba kulowa m'midzi, ikuulutsa nyimbo kuchokera ku Lusaka. Panabadwa timagulu ta anyamata atatu kapena anayi, ena oimba ndi zipangizo zosema okha ndi zigubu za mafuta, oyenda m'misika, m'mabala ndi m'maukwati, olandira zimene omvera aponya m'mbale. Pamenepa kayendetsedwe kanasintha kwambiri, chifukwa banjo ili ndi mwini wake, ndipo pamene zipangizo za magetsi zinafika, zokuzira mawu ndi ng'oma za m'sitolo, mwini zipangizo anasanduka mwini bandi, ngakhale iye mwini asadziwe kukhudza nsambo. Oimba amene atate awo anali eni boma anayamba kukhala aganyu a mwini hotela, mwini bala kapena wamalonda wa m'tauni, ndipo akayambana naye ankachoka manja lendelende, luso lili m'zala koma chida chili m'nyumba ya wina.

Dziko litalandira ufulu mu 1964, mbuye wamkulu wa nyimbo anakhala boma lenileni. Bandi ya apolisi, ya asilikali ndi ya wailesi ya MBC zinapatsa oimba chinthu chimene ambiri a iwo sanachionepo ndi kale lonse: malipiro a pamwezi, yunifolomu, zipangizo zosagula okha, aphunzitsi odziwa kuwerenga nyimbo pa pepala, ndi galimoto yoyendera. Ku Salima komwe kuno, kumene kuli sukulu ya asilikali ya MAFCO, lipenga la mkuwa limalira pa perete wa omaliza maphunziro, pakati pa midzi imene agogo ake analisema ndi chikho. Zimenezi zinakweza luso la oimba athu, ndipo ambiri amene anadzatchuka anasuliridwa m'mabandi amenewa. Koma wokudyetsa ndiye amasankha nyimbo. M'zaka 30 za ulamuliro wa Dr Hastings Kamuzu Banda, maboma a mganda ndi magulu a amayi ankanyamulidwa pa malole kukavina pa misonkhano ya chipani ndi pa zikondwerero za dziko, nyimbo zawo zitasinthidwa kukhala zotamanda mtsogoleri. Ndipo ngakhale zipani zambiri zitabwera mu 1994, chizolowezi chovinira wandale ndi kulandira kangachepe m'manja mwake sichinathe. Gule amene ankayembekeza kalata ya mudzi mnzake anaphunzira kuyembekeza lole.

Mpingo nawo unasanduka mthunzi wa oimba. Bandi ya Alleluya ya ku Balaka, imene Paul Banda anaiyambitsa mu 1978 pansi pa chisamaliro cha mpingo wa Katolika, yakhala zaka zoposa 40, oimba akulowa ndi kutuluka, chifukwa zipangizo ndi dzina sizinali za munthu mmodzi, ndipo panali nyumba yolimba yoitchinjiriza. Komanso amene afuna kuona mzimu wa boma lakale uli moyo, alowe m'kwaya ya mpingo uliwonse wa m'mbali mwa nyanja, kaya ndi ya CCAP, ya Anglican, ya Katolika, kapena gulu la amayi a Chisilamu oimba pa zikondwerero zawo: adzapeza wapampando, mlembi ndi msungichuma, kaundula wa mayina, zosonkha za pamwezi, chindapusa cha ochedwa, yunifolomu yosoketsa pamodzi, ndi maulendo oyenderana ndi makwaya a kwina. Anthu athu sanataye luso losunga gulu. Anangolisamutsira kumene linapeza malo.

Njira yachitatu, ya khamu lolipira pakhomo, ndiyo yatchukitsa Salima m'masiku athu ano. Bungwe la COSOMA linakhazikitsidwa mu 1992 kuti liteteze umwini wa nyimbo ndi kutolera mphotho za oimba, ndipo pa nthawi ya makaseti woimba ankapezako kanthu pogulitsa chimbale. Koma pamene makompyuta ndi mafoni anayamba kukopa nyimbo mwaulere, mpunga wa woimba unatsalira pa siteji. Gombe la Senga Bay, pokhala pafupi ndi likulu la Lilongwe, linasanduka bwalo lalikulu la dziko lonse. Chikondwerero cha Lake of Stars, chimene Will Jameson anachiyambitsa ku Chintheche mu 2004, chinachitikira ku Senga Bay mu 2008 ndiponso pa hotela ya Kabumba mu 2018. Ndipo Sand Music Festival, imene malemu Lucius Banda anaiyambitsa mu 2010, inasonkhanitsa zikwi za anthu kwa zaka zingapo pa mchenga wa Sunbird Livingstonia Beach, hotela imene achikulire amaikumbukira ndi dzina lakale la Grand Beach.

Woona khamu lotere angayese kuti wokonza chikondwerero amatuta ndalama ndi dengu, koma chikomekome cha nkhuyu m'kati muli nyerere. Munthu woyamba asanagule tikiti, wokonzayo walipira kale malo, siteji, zokuzira mawu, nyali, jenereta ndi mafuta ake, apolisi ndi alonda, zilolezo, malonda a pa wailesi, malole onyamula katundu kuchokera ku Lilongwe kapena ku Blantyre, ndi zipinda zogona oimba. Ndipo ngati waitana katswiri wa kunja, ameneyo afuna malipiro ake m'madola, pamene pakhomo anthu alipira m'makwacha. Pamene kwacha inagwa ndi 44 pa 100 aliyonse mu Novembala 2023, kapena pamene mliri wa Covid-19 unachepetsa misonkhano mu 2020, kapena nyanja itasefukira ndi kumiza magombe mu 2024, onse odalira njira imeneyi anamva kuwawa kwake. Nchifukwa chake palibe chikondwerero chachikulu chimene chimaima popanda makampani a mafoni, a zakumwa kapena mabanki ochithandiza. Ndiye kuti mbuye uja wabweranso, atangosintha chovala.

Amene amatsalira pansi pa zonsezi ndi woimba zipangizo, wa gitala, wa ng'oma, wa kiyibodi, wa lipenga, amene dzina lake silikhala pa chikwangwani. Ambiri a iwo amalipidwa pa tsiku limene aimba, popanda pangano lolembedwa, ndipo chikhamu chikachepa, iwo ndiwo oyamba kuuzidwa kuti adikire. Akadwala, kapena akakalamba zala zitauma, kawirikawiri amathandizidwa ndi zopempha za pa wailesi ndi pa Facebook. Ndipo ndi chinthu chomvetsa chisoni kuti munthu amene anavinitsa zikwi asowe wom'gulira mankhwala. Mnyamata wa mabadza sankalandira tambala, koma ankadziwa kuti ng'oma ndi yake pamodzi ndi anzake, kuti mawu ake amveka pa msonkhano, ndi kuti tsiku la tsoka boma lake lidzafika pa khomo pake. Woimba wa lero amalandira ndalama, koma zitatu zimenezi ambiri alibe.

Sitingabwerere ku masiku a chikho, ndipo palibe chifukwa chofunira kutero, pakuti woimba ayenera kudya za luso lake monga mmisiri wina aliyense, ndipo ana ake afuna fizi ya sukulu, imene thobwa silingalipire. Koma anthu a gombe lino anasonyeza kale kuti amadziwa kusamala chinthu cha onse: pa chilumba cha Mbenje, pansi pa ulamuliro wa mfumu Makanjira, asodzi akhala akutseka usodzi miyezi ya dzinja kuyambira m'zaka za m'ma 1950, ndi malamulo odziikira okha ndi kusunga okha, ndipo akatswiri a maiko akutali amabwera kudzaphunzira kwa iwo. Nzeru yomweyo ndiyo inasunga maboma, ndipo ndiyo ikufunika m'mabandi athu: zipangizo zikhale za gulu, kapena pakhale pangano lolembedwa lonena gawo la mwini zipangizo ndi gawo la oimba, ndalama za pakhomo ziwerengedwe pamaso pa onse usiku womwewo, pa phindu lililonse papatulidwe kagawo ka matenda, maliro ndi kukonzetsa zowonongeka, ndipo wothandiza wa kunja, kaya ndi boma, kampani kapena wandale, alandiridwe ndi manja awiri, koma asapatsidwe kiyi wa thumba.

Kwa okonza zikondwerero za ku Senga Bay, ndi kwa khonsolo ya Salima, pempho langa ndi lakuti maboma a mganda ndi a beni amene akadalipo m'midzi asamaitanidwe ngati chokometsera cha masana, cholipidwa ndi botolo la chakumwa, koma alembedwe pa ndondomeko monga magulu ena onse, ndi malipiro ogwirizana pasadakhale, operekedwa kwa msungichuma wawo pamaso pa mboni. Ndipo kwa achinyamata amene akusonkha ndalama zogulira gitala yoyamba, mawu anga ndi awa: musanasankhe dzina la bandi, sankhani mlembi ndi msungichuma, gulani kope, ndipo mugwirizane za kagawidwe ka ndalama pamene ndalamazo zisanabwere, pakuti nkhanga zinapangana kusanache. Pitani kwa achikulire amene anakhalapo makingi ndi makaputeni, akadali moyo, muwafunse mmene anasungira anthu makumi anayi mumzere umodzi kwa zaka zambiri popanda kulipira ndi mmodzi yemwe. Ndipo zimene adzakuuzeni muzilembe, chifukwa zidzakuthandizani pa tsiku limene mudzayamba kulipira anzanu.